Agalu Awiri a Bambo Mwenda

Discovery Gardens, Dubai
16 Febuluwale 2020

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa achemwali a Emelia ndi wa mwana wanga Jessie. Kodi chifuwa chija chinamusiya? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga.

Mundikhululukire kuti ndachedwa kulemba. Kuno kuimba pa WhatsApp sikutheka, ndipo kujambula mau ndimachita nako manyazi, mukundidziwa. Ndiye ndizilemba papepala, kenako ndizijambula pepalalo n'kutumiza pafoni ya achemwali kuti azikuwerengerani. Kalata ino ndailemba kawiri chifukwa yoyamba inali ndi zofufuta zambiri.

Nyumba imene ndikugwiramo ntchito si ya Aluya monga tinkaganizira. Ndi ya bambo wina wa ku Zambia, a Lazarous Mwenda, kwawo ku Katete, kungodutsa malire athu a Mchinji. Amakhala ndi mwana wawo wamkazi, a Edinah, amene amagwira ntchito kuhotela ku Marina. Ndi a Edinah amene anandilemba ntchito komanso amene azindilipira. Choncho musade nkhawa, m'nyumba muli munthu wamayi.

A Mwenda anali msilikali. Anawatumiza kudziko lina kukachotsa mabomba okwirira pansi, ndipo limodzi linawadula miyendo yonse iwiri m'munsi mwa mawondo. Alinso ndi matenda a shuga. M'nyumba amayenda pa njinga ya olumala, kuntchito amavala miyendo yochita kupanga.

Chimene a ajenti sanandiuze ndi chakuti muli agalu. Awiri, akuluakulu, ogona m'nyumba momwemo. Tsiku loyamba ndinangoima pakhomo ndi chikwama changa, chipsera chija cha galu wa amalume a Enos chikuyabwa pamwendo. A Mwenda anaseka.

"Lowa, mwana wanga. Awa ni antchito anzako. Anayamba iwe usanabwere, ndiye uziwapatsa ulemu."

Wamphongo ndi wokalamba, dzina lake Sajeni. Amatsegula zitseko pokoka chingwe, ndipo pamalo okwera amakoka njinga. Wamkazi ndi wakuda bii, dzina lake Luangwa. Ameneyu amatola chilichonse chimene chawagwa m'manja, ngakhale kandalama kachitsulo. Komanso shuga wawo akatsika amamva fungo eni ake asanadziwe. Amawagunda padzanja ndi mphuno, n'kuthamanga kukatenga kachikwama ka juwisi. Ndinaona ndi maso anga, Amayi, sindikuwonjezera.

Anandipatsa lamulo limodzi. Anati, "Usawapatse chakudya, usawasisite, usakambe nawo. Iwe sesa ubweya chabe. Galu wantchito amayang'ana munthu mmodzi. Akayamba kuyang'ana awiri, khalas, watha ntchito." Khalas ndiye kuti basi. Ndinayankha kuti lamulo limeneli silindivuta mpang'ono pomwe, anasekanso.

Ali ndi galimoto yoyera, yonga minibasi, yoyendetsa ndi manja okha. Kumbuyo kuli chitsulo chimene chimatsika chokha kuti njinga ikwere, ndi tizipinda tiwiri ta agalu. M'mawa uliwonse atatuwo amapita ku Jebel Ali kumene a Mwenda amaphunzitsa agalu a kampani ina yolondera. Pobwera amakhala ali mchenga okhaokha, akuimba nyimbo za kuusilikali. Ine ndimatsala ndikusesa.

Ndatumiza kangachepe. Mugule thumba la chimanga ndi nsapato za Jessie, zokulirapo pang'ono kuti zimufikitse chaka cha mawa.

Ndine mwana wanu,
Tiwale


Discovery Gardens
19 Epulo 2020

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko? Ndamva kuti matenda a korona aja afikanso kwathu. Ine ndilibe vuto lililonse m'thupi.

Kuno atitsekera m'nyumba. Kuti munthu upite kusitolo uyambe wapempha chilolezo pafoni. Misewu ili zii. Amene timawaona ndi amuna ovala zoyera thupi lonse, opopera mankhwala m'misewu ndi m'makomo. Sitiwaona nkhope.

A Edinah anapita ku Lusaka mwezi watha ku maliro a azakhali awo. Amati akakhala sabata imodzi. Ali komweko ndege zinatsekedwa, ndiye sanabwere. M'nyumba tatsala awiri ndi agalu. A Mwenda ndi munthu waulemu, amanditenga ngati mwana wawo, koma zimenezi musauze anthu a kumpingo. Mukudziwa pakamwa pa anthu. Achemwali, ndime ino muwerenge motsitsa mau.

A dokotala anawauza kuti matendawa pa munthu wa shuga ndi oopsa kwambiri. Choncho chilichonse cholowa m'nyumba ndimachipukuta ndi sopo, ngakhale paketi ya mchere. Iwo amandiseka. Akuti, "Ukanakhala ku gulu langa lochotsa mabomba, Tiwale, miyendo nikanakhala nayo." Sindinadziwe ngati ndiseke.

Kuntchito amapitabe masiku ena chifukwa ali ndi pepala lowalola. Masiku amene sapita amatsika ndi agalu, kuwayendetsa pamalo oimika magalimoto, kenako amakaliza injini ya galimoto yawo kuti isafe. Miyendo yawo amaisiya m'galimotomo pamodzi ndi njinga yatsopano yopepuka. Ndinawafunsa ngati si bwino kuti ndiziikweza m'nyumba. Anati, "Iyayi, miyendo ni yunifomu. Yunifomu imakhala ku ntchito."

Lamulo lija ndikulisunga. Luangwa akandiyang'ana ndimayang'ana kumbali.

Mwezi uno ndatumiza theka, chifukwa kuhotela kwa a Edinah adula malipiro. Mugule sopo, muike chidebe cha madzi pakhomo. Jessie musapite naye ku maliro ngakhale anthu anene. Mtedza mukakumba musafulumire kugulitsa kwa mavenda, muudikire uume bwino, mtengo ukwere.

Mwana wanu,
Tiwale


Discovery Gardens
7 Juni 2020

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine thupi lili bwino.

Ndakhala chete chifukwa sindinkadziwa poyambira. Galimoto ya a Mwenda inabedwa.

Linali Lachinayi m'mawa. Anatsika ndi agalu monga mwa masiku onse, ine ndikutsuka mbale. Posakhalitsa foni yanga inalira. Anangoti, "Tiwale, tsika." Nditatsika ndinawapeza pa njinga yawo yakale ya m'nyumba, akuyang'ana pamalo popanda kanthu. Panali kadontho ka oyilo basi. Sajeni anali atakhala pamene chitsulo chija chimatsikira, akudikira kuti akwere.

Mlonda wa pamalo pano anati dzulo lake madzulo kunabwera amuna awiri ovala zoyera ngati opopera mankhwala aja, ali ndi lole yokokera magalimoto. Anamuonetsa pepala. Masiku ano aliyense wovala zoyera timangompatsa njira, ndiye sanafunse zambiri. Anali kulira mlondayo, atagwira dzanja la a Mwenda, kuiwala kuti kugwirana n'koletsedwa.

Apolisi anabwera, analemba zonse mwaulemu, anati akaipeza atiuza, inshallah, ndiye kuti Mulungu akalola. Tikudikirabe. A Mwenda akuti galimoto yotere sangaiyendetse poyera, aiphwasula n'kugulitsa zitsulo. Za inshuwalansi sindinafunse. Ndinangomva akuyankhula ndi a Edinah pafoni, mau akukwera, kenako anadula.

Miyendo inali momwemo, Amayi. Ndi njinga yatsopano ija. Ndimadzifunsa kuti ndi munthu wotani amene angatsegule galimoto, n'kupezamo miyendo ya mnzake, osaibweza ngakhale kungoisiya pamsewu.

Tinayesa matakisi. Madalaivala akaona agalu amangodutsa. Wina anaima, anati munthu akwere koma agalu atsale. Koma popanda agalu a Mwenda sapita kulikonse, ndipo popanda miyendo sangaime pamchenga kuphunzitsa agalu a kampani. Njinga yakaleyi gudumu limodzi ndi lopindika, imakokera kumanzere. Tinabwerera m'mwamba thukuta lili kamukamu, chifukwa kutentha kwa kuno kwayamba, kumene kwathu sitikudziwa.

Kuyambira tsiku limenelo anadzitsekera kuchipinda. Agalu ankalira pakhomo lotulukira, ine ndikungowayang'ana chifukwa cha lamulo lija. Mpaka Sajeni, galu waulemu uja, anadzithandiza pansi pakhitchini. Anakabisala kuseri kwa mpando ngati munthu. Ndinakolopa, kenako ndinagogoda.

"Abambo, agalu akuvutika."

Chitseko chinatseguka pang'ono, zingwe ziwiri zinagwera pamapazi anga.

"Yalla, tiye, atenge."

"Nanga lamulo lija, abambo?"

"Lamulo linapita na motoka."

Ndinawatenga. Tinatsika mpaka pansi, sanandichite kanthu.

Malata amene tinakambirana aja muyambe mwaima kaye. Ndikuuzani.

Tiwale


Discovery Gardens
12 Julaye 2020

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu nonse. Ndasangalala kumva kuti Jessie wayamba kulemba dzina lake. Achemwali mundijambulire ndione. Ine ndili bwino, kungoti ndaonda pang'ono, ndi kutenthaku.

Za galimoto palibe chimene chamveka. Kampani yawauza a Mwenda kuti akhale kaye kunyumba popanda malipiro. A Edinah nawo kuhotela awachotsa ali ku Lusaka komweko. Ndiye mwezi uno sinditumiza kanthu. Mugulitse thumba limodzi la mtedza, limodzi lokha. A Mwenda anafuna kundipatsa wotchi yawo ya kuusilikali kuti ikhale m'malo mwa malipiro. Ndinaibweza pathebulo pawo. Sanaikhudzenso, ili pomwepo.

Sakudya bwino. Amangogona atayang'ana khoma, foni ili pachifuwa, kudikira apolisi. Pali ntchito zina zimene ankadzichitira okha zimene tsopano ndikuwathandiza. Sindizilemba.

Agalu onse ali m'manja mwanga. Ndimatuluka nawo kusanatenthe. Ndimayamba ndaika kuseri kwa dzanja pa tala, ngati pakuwotcha ndiye kuti mapazi awo apsa, timayenda mbali ya kapinga. Chakudya ndimayeza ndi kapu, madzi ndimasintha pafupipafupi, makutu ndimawapukuta. Ndimafuna kuti a Mwenda akadzadzuka adzapeze agalu awo ali bwinobwino monga anawasiyira.

Sajeni sandilabadira. Amayenda nane ngati akungokwaniritsa ntchito, tikafika amapita molunjika kukagona pafupi ndi bedi la bwana wake. Koma Luangwa ndi wina. Tsiku lina kiyi anandigwa pakhomo. Ndisanawerame n'komwe anali atamutola kale, n'kumuika m'dzanja langa bwinobwino, kenako anakhala pansi akundiyang'ana. Ndinapezeka ndanena kuti zikomo. Kuyambira pamenepo ndimayankhula naye. Ndamuuza za Jessie, za mbuzi yathu, ngakhale za bambo ake a Jessie zimene sindinauzepo munthu. Amapendeketsa mutu ngati akumva. M'nyumba muno mulibe wina woyankhula naye, Amayi.

Pali mtsikana wa ku Kasungu, Everlyn, amalera ana m'nyumba yoyandikana nafe. Anandiona m'mawa wina ndikutola zoipa za agalu ndi pulasitiki, anaseka mpaka kugwira mpanda.

"Iwe Tiwale, ndege yonse ija unakwerera zimenezi? Kwanu akudziwa kuti ndiwe nesi wa agalu?"

Koma nditamufotokozera anasiya kuseka. Anakauza amayi a gulu lathu la mapemphero la pafoni, onse antchito a m'nyumba ngati ine. Wina analemba kuti, "Ife tikudya mpunga wopanda ndiwo, galu akudya nkhuku ya m'paketi, koma dziko ili!" Komabe anasonkha, ngakhale wolemba zimenezoyo. Anagula thumba la chakudya cha agalu ndi timapepala toyezera shuga. Ndinawauza a Mwenda. Anati, "Msilikali kudyetsedwa na olera ana." Anatembenukira kukhoma. Koma madzulo ake anandiuza kuti ndilembe maina awo onse ndiwathokoze.

Luangwa tsopano amagona pakhomo la kachipinda kanga. Ndikamakolopa amanditsata, ndikamasita amagona pamapazi anga. Sindinaganizepo kuti ndingalembe mau awa, koma galu ameneyu ndi mnzanga. Muwauze amalume a Enos, sakhulupirira.

Mwana wanu,
Tiwale


Discovery Gardens
9 Ogasiti 2020

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Mundikhululukire, kalata ino sindiilemba kawiri.

Lachitatu masana ndinali pakhonde ndikuyanika zovala, chitseko chagalasi nditatseka kuti kutentha kusalowe. Luangwa anali nane kunjako. Ndinamva Sajeni akuuwa, galu amene sauwa wamba. Nditalowa ndinapeza a Mwenda atapendekera pambali pa bedi, thukuta lili thupi lonse, maso ali gwa, osandizindikira. Shuga anali atatsika kwambiri. Ndinawapaka uchi m'kati mwa tsaya monga anandiphunzitsira a Edinah, ndinaimba ambulansi. Anthu a ambulansi anati ndikanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina.

Atatsitsimuka, anthu aja atapita, sanandiyang'ane ine. Anayang'ana Luangwa. Galuyo anali ataima kumbuyo kwanga, mutu wake utakhudza mwendo wanga.

"Anali kuti?"

"Anali ndi ine, abambo. Pakhonde."

Anamuitana. Luangwa anayamba wandiyang'ana ine, kenako ndiye anapita.

Ndinagwada. Anati, "Nyamuka, sinakwiye na iwe. Nine n'namusiya. Iwe unamudyetsa, unamuyendetsa, unakamba naye. Galu sanama."

Sindinadziwe kuti kusamala chinthu kungachiwononge. Ndinkangofuna kuti adzamupeze ali bwino.

Mundipempherere. Muwapempherere.

Tiwale


Discovery Gardens
13 Sepitembala 2020

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndamva kuti mwendo wanu wayambanso kutupa. Mupite kuchipatala, musadikire ine. Ine ndilipo.

Galimoto sinapezeke, ndipo a Mwenda asiya kugona ndi foni pachifuwa. Kampani yawalembera kuti ntchito yatha, ndipo mapepala awo okhalira kuno atha mwezi wa mawa. Abwerera ku Zambia. A Edinah apeza kanyumba ku Lusaka.

Vuto ndi agalu. Kukweza galu ndege ndi ndalama zambiri kuposa munthu. Anzawo akale a kuusilikali asonkha, koma zakwanira galu mmodzi. Anandiitana n'kundiuza zonse, osabisa.

"Amene nifunika ni Luangwa. Mphuno yake ndiye moyo wanga. Akabwerera kwa ine, nimutenga, ndipo Sajeni akhala kwa dokotala wao wa ziweto, wavomera kumusunga mpaka afe. Koma ngati sabwerera, sininganyamule galu wa munthu wina. Nitenga Sajeni. Luangwa apita ku kampani, akalondere katundu."

Ndinafunsa ngati sindingapite nawo ku Lusaka. Anaseka pang'ono. "Nizakulipira na chani, mwana wanga? Wotchi unaikana." Komanso pepala langa lili m'manja mwa a ajenti, sindingachoke ndisanamalize zaka zimene ndinasainira.

Ndiye tayamba kumubweza Luangwa kwa mwini wake. A Mwenda adzuka pabedi, zimenezi zokha ndithokoze. Chakudya amapereka okha ndi dzanja lawo. Amamupesa, amagona naye kuchipinda chitseko atatseka. Ine ntchito yanga ndi kukhala ngati kulibe. Sindimutchula dzina, sindimuyang'ana. Koma kumutulutsa panja ndine ndemwe, chifukwa njinga ija pamsewu siyenda. Timayenda ngati anthu okwiyirana. Iye amangokweza mutu kundiyang'ana, kudikira kuti ndinene kanthu. Ine maso ali patsogolo basi.

Amamuyesa chonchi. Tsiku limene shuga anatsika pang'ono anapukuta malovu awo ndi kathonje, n'kukasunga m'botolo mufiriji. Amabisa kathonjeko m'dzanja n'kudikira. Luangwa amamva fungolo, mphuno yake ikadali yabwino. Koma m'malo mowagunda padzanja n'kutenga juwisi, amathamangira kukhitchini kudzandigunda ine. Amandikoka chitenje kuti ndipite.

Everlyn akuti, "Nanga si bwino? Galu wanzeru, akudziwa amene amagwira ntchito m'nyumbamo." Ndinawauza a Mwenda, anati, "Ku Lusaka kulibe Tiwale. Edinah azizungulira kufuna ntchito tsiku lonse. Galu azathamangira ku khitchini kulibe munthu, ine nikufa ku chipinda."

Ndayesa kudzitsekera kubafa akamamuyesa. Amabwera n'kukanda chitseko. Ndayesa kusintha sopo wosamba. Ndasiya kuimba pogwira ntchito. Achemwali, musaseke powerenga, ndayesa ngakhale kusala kudya.

Mtedza wotsala mugulitse. Za feteleza sindikudziwa chokuuzani. Mufunse kwa amalume ngati angatibwereke manyowa a nkhumba zawo.

Mwana wanu,
Tiwale


Nyumba ya a ajenti
25 Okutobala 2020

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu, achemwali ndi Jessie. Ine ndili moyo. Monga mukuona pamwambapa, ndachoka ku Discovery Gardens. Tili atsikana ambiri m'chipinda chimodzi, tikudikira kuti atipezere nyumba zina. Sakunena kuti liti.

Ndikuuzeni mmene zinathera, chifukwa achemwali akhala akufunsa.

Tsiku loti apereke dzina la galu kwa anthu a ndege litayandikira, Luangwa anali asanasinthe. Ndinaganiza kuti chatsala n'chimodzi. Ngati kungokhala chete sikukwanira, ndiye andiope. Kwathu galu aliyense amadziwa kuti munthu akawerama ngati akutola mwala, ndiye kuti athawe. Ngakhale wa amalume a Enos ankathawa.

Anali masana. Ndinali m'kanjira ka pakati pa zipinda, iye akunditsata monga mwa nthawi zonse. Ndinatembenuka, ndinawerama mwamsanga, dzanja pansi. Luangwa sanathawe. Anayamba kununkhiza pansi, kufunafuna chimene chandigwa kuti anditolere.

Ndinakuwa kuti, "Choka!" Chibwerereni kuno ndinali ndisanakwezepo mau m'nyumba imeneyo. Anangoima, makutu atagwa. Ndiye ndinavula patapata yanga ndi kumugenda nayo ndi mphamvu zanga zonse. Inamumenya m'nthiti. Analira kamodzi.

Anaiyang'ana ili pansi. Anandiyang'ana ine. Kenako anaitola, anabwera pang'onopang'ono, anakhala pansi patsogolo panga n'kuiika m'dzanja langa. Mchira unkagwedezeka pang'ono, ngati akufunsa ngati wachita bwino.

Sindinadziwe kuti a Mwenda anali pakhomo la chipinda chawo, akuona zonse.

"Khalas, mwana wanga," anatero. "Vala nsapato yako."

Madzulo omwewo anaimba foni, anapereka dzina la Sajeni.

Anthu a kampani anabwera kudzatenga Luangwa tsiku limodzi a Mwenda asananyamuke. Anabwera ndi khola lachitsulo. Luangwa anakana kulowa. Anamukoka, anakhala pansi. A Mwenda anamulamula kawiri ndi mau awo a kuusilikali, sanasunthe. Ndiye anati, osandiyang'ana, "Muuze ndiwe." Ndinagwada pafupi ndi kholalo, ndinamutchula dzina koyamba patapita miyezi iwiri. Ndinati, "Luangwa, lowa." Analowa. Anatembenuka m'katimo n'kukhala pansi, akundidikira kuti ndimuuze china.

Akuti ali kumalo osungira katundu ku Jebel Ali. Ndinafunsa ngati ndingakamuone, anati sizololedwa, zimasokoneza galu.

A Mwenda ndinawaperekeza mpaka pa takisi ya anthu a ndege. Ndinawasokera tikapu tansalu tovala pamene miyendo inathera, chifukwa akuti m'ndege mumazizira. Ndinaika maswiti m'matumba onse a jekete lawo ndi uchi m'chikwama. Ndinalemba papepala zizindikiro za shuga akamatsika, kuti a Edinah amate pakhoma, ngakhale ndikudziwa kuti pepala silimva fungo. Anandigwira pamutu, anati, "Unagwira ntchito bwino. Unapitirira muyeso chabe." Wotchi ija ndinaipeza m'chikwama changa nditafika kuno. Sindigulitsa, musandifunse.

A Edinah analemba kamodzi kuti anafika. Akuti Sajeni miyendo yakumbuyo yafooka chitsikireni ndege, sakokanso njinga. Sabata yatha ndinafunsa za abambo. Uthenga ukuonetsa kuti anawerenga. Sanayankhe.

Jessie musamuuze tsiku lobwera ine, chifukwa sindikulidziwa. Mvula ikagwa mudzale, ngakhale popanda feteleza.

Patapata ija ndikuvalabe. Dzulo ndinaitenga n'kupita nayo pawindo, ndinaiyang'ana mbali zonse, pamwamba ndi pansi. Ndimafuna kuona pamene mano ake analowa. Palibe, Amayi. Ngakhale pang'ono.

Ndine mwana wanu,
Tiwale